Funsani Akadaulo: Tisanakonzetse sisitemu yatsopano, tifunse ndani?

Makalata ambiri amene tsamba lino lalandira mwezi uno akuzungulira pa nkhani imodzi. Bungwe likafuna pulogalamu yatsopano ya pa kompyuta, imene m'maofesi timangoti sisitemu, ndani ayenera kumvedwa ntchito yolemba pulogalamuyo isanayambe? Anthu amenewa timawatcha okhudzidwa. Makalata ena tawafupikitsa, ndipo mayina a mabungwe tawachotsa.

Atatu sakukwana bwanji?

*Akadaulo, ndine mlembi wa bodi ya SACCO ina ya anthu apantchito. Tili ndi mamembala oposa 2,000 koma tikadalembabe m'mabuku ndi pa Excel. Tagwirizana ndi kampani ina kuti itikonzere sisitemu ya ngongole ndi masheya. Atipempha mayina a okhudzidwa, ife tawapatsa manijala, akauntanti ndi wapampando. Akuti sakukwana. Kodi si njira yongotalikitsira ntchito kuti atidyere ndalama?*
*Mlembi, Lilongwe*

A Mlembi, pa ichi kampaniyo ikunena zoona. Ikanalandira mayina atatuwo mwakachetechete, pamenepo ndiye mukanada nkhawa. Amene mwawatchulawo ndi olamula ndi olipira. Odziwa mmene ntchito imayendera Lolemba m'mawa mzere utafika pakhomo ndi ena. Kale mu 1994 bungwe la Standish Group la ku America litafufuza ntchito zambirimbiri zokonza mapulogalamu linapeza kuti 16 zokha pa 100 zilizonse zinatha pa nthawi yake, pa ndalama zake komanso zikuchita zonse zimene zinalonjezedwa. Pa zifukwa zimene zinkasokoneza ntchitozo, choyamba chinali kusafunsa anthu amene adzagwiritse ntchito pulogalamuyo.

Musayambe ndi chithunzi cha maudindo chopachikidwa m'ofesi ya manijala chija. Yambani ndi pepala. Tengani fomu imodzi ya ngongole imene inabwezedwa kale yonse, muilondole kuyambira tsiku limene membala anaitenga mpaka pamene inakagona m'kabati. Dzanja lililonse limene linaigwira, lilembeni. Mupeza membala mwini wake, anzake amene anamuimira pa ngongoleyo omwe masheya awo amatsekeredwa mpaka itatha, kalaliki woona ngati fomu yadzazidwa bwino, ofisala wa ngongole wowerengera ngati malipiro a munthuyo angakwanitse, komiti ya ngongole, osaina kuti ndalama zituluke, keshiya, akauntanti, ndi wosunga mafayilo. Ngati muli ndi nthambi m'boma lina, musaiwale mesenjala kapena dalaivala wonyamula mafomu, chifukwa ndiye akudziwa kuti fomu imagona masiku angati panjira.

Mukatha imeneyo, londolani lisiti la masheya, kalata ya membala amene akutuluka, ndi fayilo ya membala amene anamwalira. Yomalizayi ambiri amailumpha, chonsecho ndiyo imavumbulula anthu amene palibe anawaganizira: wolowa m'malo amene malemuwo anamulembetsa, kampani ya inshulansi ya ngongole, ndipo nthawi zina ofesi ya DC kapena ya Administrator General yoona chuma cha masiye. Sisitemu imene sinakonzekere imfa imapitiriza kuwerengera malemu chiwongola dzanja ndi chindapusa, n'kumatumiza mauthenga okumbutsa ngongole pa foni imene ili m'manja mwa mayi wamasiye.

Tsopano tulukani kunja kwa mpanda. Popeza mamembala anu ndi apantchito, ndalama zambiri zimabwera podula ku malipiro. Ndiye kuti kalaliki wa malipiro pa kampani iliyonse imene mamembala anu amagwirako ndi wokhudzidwa wamkulu, ngakhale sanapondepo ku ofesi kwanu. Mufunseni zinthu zitatu: amafuna mndandanda wa odulidwa ufike pofika tsiku liti la mwezi, ukhale wolembedwa motani, ndipo munthu amamuzindikira ndi nambala iti. Apa m'pamene ambiri amagwera. Inu mumadziwa membala ndi nambala ya umembala, iwo amamudziwa ndi nambala ya pantchito. Sisitemu ikapanda malo osungira nambala yachiwiriyo, mwezi uliwonse akauntanti azikhala masiku awiri akufananiza mayina pamanja, ndipo pamene pali a Banda asanu a dzina loyamba lofanana, ndalama za wina zidzalowa kwa mnzake.

Pali enanso amene safika pa msonkhano koma mawu awo ndi lamulo. Ma SACCO amayendera lamulo la Financial Cooperatives Act la 2011, ndipo amawayang'anira ndi Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank, amene amafuna malipoti olembedwa m'njira yakeyake, makamaka pa kasanjidwe ka ngongole zochedwa kubwezedwa. Pali MRA pa za misonkho, Financial Intelligence Authority pa ndalama zokayikitsa, mabungwe osunga mbiri ya ngongole za anthu, ma oditala anu a chaka ndi chaka, ndi MUSCCO, bungwe logwirizanitsa ma SACCO, ngati muli mamembala ake. Awa simufunikira kuwaitanira tiyi. Tengani mafomu ndi malipoti onse amene munawatumizira chaka chathachi, muwapereke kwa okonza sisitemu, kuti aone ngati nambala iliyonse ya m'malipotimo ili ndi kochokera.

Ngati mamembala azilipira pa Airtel Money, TNM Mpamba kapena ku banki, sisitemu yanu iyenera kulankhulana ndi masisitemu a anzanuwo, ndipo kumbali kwawoko kuli munthu woyenera kupereka chilolezo, zikalata za kalumikizidwe ndi akaunti yoyeserera. Makalata opempha zimenezi lembani sabata yoyamba, chifukwa mayankho ake sathamanga. Womaliza pa mndandanda, amene amakumbukiridwa zinthu zitavuta kale, ndi amene adzasamale sisitemuyo okonza atapita: wosunga makope a zonse zolembedwa, wotsegulira antchito atsopano ndi kutsekera ochoka, woyatsa jenereta magetsi akazima.

Aliyense amene mwacheza naye, mutsanzikane naye ndi funso ili: "Ndani winanso amagwira, amadikira kapena amadandaula za ntchito imeneyi?" Anthu atatu otsatizana akapanda kutchula dzina latsopano, mndandanda wanu wakhwima. SACCO ya msinkhu wanu isadabwe kupeza magulu 15 kapena 20. Kunena za nkhawa yanu ya ndalama, ilembedwe mu mgwirizano: masiku angati ofunsa anthu, ndipo pakutha pake akupatseni chikalata cha zofunika, chofotokoza zimene sisitemu iyenera kuchita, chimene bodi isaine pulogalamu isanayambe kulembedwa.

Abwana akuti akudziwa zonse

*Ndine mnyamata wolemba mapulogalamu, ndangoyamba kumene kuima pandekha. Ndapeza ntchito pa sitolo yopikulitsa katundu yokhala ndi nthambi 3. Mwini wake, bambo wachikulire, akuti ndisataye nthawi ndi ogulitsa komanso osunga katundu, andiuza okha zonse popeza bizinesi anaiyamba ndi iwo. Ndikuopa kuwatsutsa.*
*Wolemba mapulogalamu, Limbe*

Achimwene, kuwatsutsa ayi, koma kuwamvera pa ichi n'kudzikumbira dzenje. Paja kandimverere anakanena za m'maluwa. Bambowo akuuzani mmene ntchito iyenera kuyendera. Wosunga katundu ndiye akudziwa mmene imayendera lole ikafika madzulo ndi mabelo 190 a shuga pamene pepala likunena 200, atatu mwa iwo onyowa. Pulogalamu yanu ikamangolola kulandira katundu yense kapena kumukana yense, munthuyo alemba 200 kuti lole ichoke, zoona zake azisunga m'kabuku kake. Pakatha miyezi iwiri manambala a pa kompyuta ndi a m'nyumba ya katundu asiyana, ndipo mwini sitolo adzati pulogalamu yanu ndi yabodza.

Zoterezi zinachitikapo pa ntchito ya moyo ndi imfa. Pa 26 Okutobala 1992, bungwe loyendetsa maambulansi mu mzinda wa London linayamba kudalira kwathunthu sisitemu yatsopano yotumizira maambulansi. Sisitemuyo inkayembekezera kuti ogwira ntchito m'maambulansi azidina mabatani oyenera nthawi zonse, mwandondomeko yake, kuti idziwe galimoto ili pati ndipo ikuchita chiyani. Kunja kumeneko zinthu sizinkayenda choncho. Wailesi inkaduka, anthu ankasinthana magalimoto, mabatani ena sankadinidwa. Sisitemu inayamba kutumiza maambulansi angapo malo amodzi pamene odwala ena akudikira maola, ndipo pa 4 Novembala inaimiratu, anthu n'kubwerera ku mapepala. Kafukufuku amene anatuluka mu February 1993 anatchula, mwa zina, kuti antchitowo sanafunsidwe mokwanira ndipo maphunziro awo anali operewera.

Nanga bambowo muwatani? Yambani ndi iwo, muwapatse ola lathunthu, mulembe zonse. Zolinga za bizinesi, malire a ndalama, ndi zimene zimawasowetsa tulo, palibe wina angakuuzeni. Pomaliza pemphani motere: "Bambo, kuti zimene mwandiuzazi zikayende bwino m'manja mwa anyamata anu, ndiloleni ndikaone kagwiridwe kawo." Awuze antchito ndi iwo eni, kuti pasakhale woganiza kuti mwabwera kudzachita ukazitape.

Pa udindo uliwonse chezani ndi anthu atatu ngati alipo: wokhalitsa, watsopano, ndi wa nthambi yakutali. Wokhalitsa amadziwa njira zachidule, watsopano amakumbukira zimene zinamusokoneza, wakutali amadziwa za netiweki ndi magetsi. Chezani nawo pamalo pawo pa ntchito, abwana palibe, osapitirira mphindi 45. Funso loti "mukufuna sisitemu izichita chiyani?" lisiyeni, chifukwa yankho lake ndi "zilizonse zimene abwana anena". M'malo mwake nenani kuti, "Tandionetsani zimene munachita dzulo kuyambira potsegula," ndiponso, "Ndi liti pamene ndondomeko inakanika, ndipo munatani?" Maso anu akhale pa kabuku kapambali, timapepala tomata pakhoma, ndi gulu la WhatsApp limene amatumizirana mitengo. Chilichonse mwa izi ndi chofunika chimene palibe adzakuuzeni pakamwa. Kenako khalani theka la tsiku mukungoonerera, tsiku lotanganidwa la kumapeto kwa mwezi, osati Lachiwiri lozizira.

Zimene mwapeza musakazitule ngati milandu, ndipo musatchule amene ananena. Zisandutseni mafunso oti mwini sitolo agamule: "Bambo, kasitomala akatenga katundu pa ngongole ku nthambi ina n'kudzalipira kuno, tizilemba bwanji?" Akamva mafunso asanu otere, eni ake adzakuuzani kuti mupitenso mukafunse zambiri.

Mayina 31, masabata atatu

*Ndikuyang'anira ntchito yoika sisitemu ya kaundula wa odwala pa chipatala china cha mishoni. Mndandanda wa okhudzidwa wafika mayina 31, koma ndalama zilipo ndi za masabata atatu okha. Ndisiye ndani?*
*Woyang'anira pulojekiti, Mzimba*

Musasiye aliyense, koma musawapatse nthawi yofanana. Choyamba konzani kaundula wa okhudzidwawo, mzere umodzi pa gulu lililonse: dzina la gulu, woliimira, chimene adzachite ndi sisitemu ndiponso kangati, chimene akusowa, chimene akuopa, chimene ali ndi mphamvu yogamula, ndi njira yomufikira. Mukaphatikiza maudindo ofanana, 31 aja atsika.

Pali njira yotchuka imene amaitchula ndi dzina la Aubrey Mendelow, yoika anthu m'mabokosi anayi poyang'ana mphamvu zawo ndi chidwi chawo pa ntchitoyo. Amphamvu achidwi mumayenda nawo limodzi, amphamvu opanda chidwi mumaonetsetsa kuti asakhumudwe, achidwi opanda mphamvu mumawadziwitsa, otsalawo mumangowayang'anira. Imathandiza pa ndale za pulojekiti, koma pofufuza zofunika imasocheretsa, chifukwa imakankhira pakona kalaliki wolembetsa odwala, amene alibe mphamvu iliyonse koma adzakhala pa sisitemuyo maola 8 tsiku lililonse. Choncho onjezani funso lachitatu: munthuyu tikapanda kumufunsa, chidzawonongeke n'chiyani, ndipo tidzachizindikira liti? Amene yankho lake ndi "tidzazindikira sisitemu itayamba kale" apite pamwamba. Pa chipatala amenewa ndi kalaliki uja, namwino wa usiku, wa ku labu, wa ku famase ndi keshiya. Namwino wa usiku tamutchula dala. Misonkhano imachitika masana iye akugona, chonsecho ndi amene amalandira wodwala wokomoka wopanda buku la kuchipatala, wopanda chiphaso, wosadziwika dzina, nthawi imene wa kompyuta kulibe.

Masiku 15 ogwira ntchito agaweni chonchi. Masiku 8 ochezera ndi anthu mmodzimmodzi, atatu patsiku osapitirira, popeza ola limodzi la kucheza limadya ola lina kapena awiri polemba bwino zimene mwamva. Masiku 2 oonerera, limodzi mwa iwo likhale usiku. Masiku 2 a zokambirana za m'magulu a anthu 6 mpaka 8, ofanana msinkhu pa udindo, chifukwa dokotala wamkulu akakhalapo wothandizira odwala sayankhula. Masiku 3 otsalawo mulembe ndi kubwezera anthu zimene ananena kuti atsimikize. Ofesi ya zaumoyo ya boma, unduna ndi CHAM, bungwe la zipatala za mishoni, muwafikire kudzera m'makaundula ndi mafomu a malipoti a mwezi ndi mwezi amene amakalowa mu DHIS2, sisitemu ya unduna yosonkhanitsira malipoti a zaumoyo, kuwonjezapo kucheza kamodzi ndi wolemba malipotiwo pa chipatalapo.

Chenjezo laling'ono: gawo la kaundula lonena za mphamvu ndi mantha a anthu lisatuluke m'manja mwanu. Matron akaona kuti mwawalemba "mphamvu zochepa", ntchito yathera pomwepo.

Makeshiya akufuna kufufuta, oditala akukana

*Makeshiya athu akufuna kuti akalakwitsa polemba azitha kufufuta okha, kuti mzere usaime. Oditala wathu wamkati akukanitsitsa. Okonza sisitemu akuti tigwirizane tokha. Timvere ndani?*
*Akauntanti, Blantyre*

Onse awiri akunena zoona, koma aliyense wakuuzani mankhwala m'malo mwa matenda. Keshiya sakufuna kufufuta, akufuna kuti mzere usaime. Oditala sakufuna kuzunza keshiya, akufuna kuti pasakhale ndalama yosowa mapazi. Zofuna ziwirizi zimakhalira limodzi bwinobwino.

Pa kufufuta penipenipo, tili kumbali ya oditala popanda kunyengerera. M'dziko muno tinaziona mu 2013 pa nkhani ya Cashgate, pamene ofufuza anapeza kuti malipiro ena ankalowetsedwa mu IFMIS, sisitemu ya ndalama za boma, macheke n'kutuluka, kenako zolembazo n'kufufutidwa. Sisitemu ya ndalama isalole munthu aliyense kufufuta, ngakhale manijala. Cholakwika chizibwezedwa ndi cholemba china chotsutsana nacho, zonse ziwiri zizioneka, pamodzi ndi dzina la wochita, nthawi ndi chifukwa.

Tsono liwiro la keshiya lisamalidwe ndi manambala. Mwachitsanzo, keshiya azibweza yekha cholemba chake cha tsiku lomwelo ngati sichikupitirira malire amene bodi yaika, tinene K50,000, ndipo zonse zobwezedwa zizituluka pa lipoti la madzulo limene woyang'anira amasaina. Choposa pamenepo, kapena cha dzulo, chizifuna munthu wachiwiri wovomereza ndi nambala yake yachinsinsi. Funsaninso kuti wachiwiriyo akapita ku nkhomaliro kapena ku maliro, avomereze ndani. Mukapanda kuyankha funso limeneli, yankho lake lidzakhala nambala yachinsinsi ya woyang'anira yolembedwa kunsi kwa kiyibodi, ndipo chitetezo chonse chija chidzakhala cha dzina lokha.

Okonza sisitemu asathawe udindo wawo. Ntchito yawo ndi kulemba zofuna ziwirizo, kuonetsa njira zothekera ndi mtengo wa iliyonse. Kugamula ndi kwa munthu mmodzi amene bungwe lamutchula pa gawo limenelo, ndipo chigamulocho chilembedwe ndi tsiku lake, chifukwa pakatha miyezi isanu ndi umodzi wina adzakana kuti sanavomere.

Wina akubisa mabuku

*Pali mkulu wina wosunga katundu amene wakhala zaka zambiri. Misonkhano sabwera, mabuku akuti asowa. Ndimuchotse pa mndandanda?*
*Wofufuza zofunika, Kasungu*

Ayi, mukwezeni pamwamba. Wotsutsa ntchito ndi wokhudzidwa ndithu, ndipo kawirikawiri ndi amene akudziwa zambiri. Zifukwa zake zimakhala zitatu, ndipo chilichonse chili ndi mankhwala ake. Mwina akuopa kuchotsedwa ntchito kapena kuchita manyazi pamaso pa ana amene kompyuta anabadwa nayo. Pamenepo akuluakulu anene poyera zimene zidzachitike ndi maudindo, ndipo iye aphunzitsidwe payekha. Mwina anaonapo sisitemu ina ikugwa ndipo akudziwa chimene chinaigwetsa. Mupiteni komwe ali, mumufunse ngati mphunzitsi wanu. Mwinanso mdima wa m'mabukumo umamudyetsa. Zimenezo si zanu kuweruza. Lembani chabe kuti mabuku akutiakuti sanapezeke, mupereke kwa mwini ntchito.

Mantha ake musawapeputse. Ku Britain, sisitemu ya Horizon imene Post Office inayamba kugwiritsa ntchito mu 1999 inkaonetsa kuti ndalama zasowa m'nthambi pamene sizinasowe, ndipo oyendetsa nthambi oposa 900 anazengedwa milandu pakati pa 1999 ndi 2015. Mu 2019 khoti linapeza kuti sisitemuyo inali ndi zolakwika. Choncho pa sisitemu iliyonse funsani kuti manambala akasiyana, adzaimbidwe mlandu ndani. Munthu ameneyo ali ndi zofunika zake: azitha kuona zolemba zonse zokhudza katundu wake, azidziwa ngati wina wasintha kanthu ali kutali, ndipo pakhale njira yolembera kuti sakugwirizana ndi nambala ya kompyuta.

Alimi tiwafunsa bwanji?

*Bungwe lathu likufuna pulogalamu ya pa foni yoti alimi a mtedza ndi soya azilembetsera zokolola ndi kulandira mitengo. Tinachititsa msonkhano ku hotela ndi alangizi komanso atsogoleri a makopaletivi. Onse anavomera. Kodi sizokwanira?*
*Mayi wogwira ntchito za chitukuko, Mchinji*

Mayi, munamva oimira alimi, alimiwo simunawamve. Msonkhano wa ku hotela wokhala ndi alawansi subala "ayi". Alangizi ndi apampando ali ndi mafoni amakono, amawerenga bwino, ndipo ambiri ndi abambo, pamene ntchito yambiri ya mtedza ili m'manja mwa amayi.

Pitani kumudzi. Dzerani kwa amfumu ndi alangizi monga mwa mwambo, koma pokambirana agaweni anthu: amayi paokha, abambo paokha, achinyamata paokha, magulu a anthu osapitirira 8. Sankhani midzi itatu yosiyana, wina wapafupi ndi msewu, wina wakutali kumene netiweki amaipezera pachulu, wina wa alimi amene sali mu kopaletivi. Pewani nthawi yodzala ndi yopalira, tsiku la msika, ndipo kukagwa maliro bwererani. Musafunse kuti "muli ndi foni?" Pemphani kuti akuonetseni foniyo, mufunse kuti ndi ya ndani, imagona kuti, amatchajitsa kuti ndipo pa ndalama zingati. Foni imodzi ikamagwiritsidwa ntchito ndi mabanja atatu, sisitemu yozindikira mlimi ndi nambala ya foni yagwa isanayambe. Foni ikakhala ya bambo, uthenga wa ndalama za mtedza wa mayi ukafikira bambowo, ndipo zimenezo zili ndi zotsatira zake pakhomo. Ngati mudzagwiritse ntchito chiphaso cha unzika cha NRB, okonza adziwe kuti nambala yake imasakaniza zilembo ndi manambala.

Mukapeza kuti ambiri ali ndi mafoni a mabatani, ndiye kuti njira ndi USSD (kuimba nambala yoyamba ndi * kuja, monga potumiza ndalama pa foni) kapena SMS, ndipo izi zili ndi malire: SMS imodzi ndi zilembo 160, tsamba la USSD silipitirira 182, komanso limaduka munthu akachedwa kuyankha. Mawu achichewa ndi aatali, choncho yesani ziganizo zenizenizo ndi alimi, papepala, pulogalamu isanalembedwe. Kuyang'ana wogwiritsa ntchito weniweni kumasintha ngakhale chipangizo chimene. A Baobab Health, okonza masisitemu a m'zipatala, atayamba ntchito yawo pa Kamuzu Central Hospital cha mu 2001, anasankha makompyuta ongokhudza pagalasi, osadya magetsi ambiri, poona kuti ogwira ntchito ambiri sanazolowere kiyibodi ndipo nthawi yocheza ndi wodwala inali yochepa.

Pa mndandanda wanu onjezani woyeza pa sikelo, wosunga nkhokwe, ogula zokolola, mavenda amene pulogalamuyi iwalande msika, ndi ma ejenti a ndalama za pa foni amene ayenera kukhala ndi ndalama zokwanira tsiku lolipira. Onjezaninso MACRA, popeza lamulo la Data Protection Act la 2024 linaipatsa udindo woyang'anira kasungidwe ka mbiri za anthu. Mlimi auzidwe m'chilankhulo chake zimene mukusunga, chifukwa chake, ndi amene adzazione. Ndipo funsani lero lomwe kuti thandizo la opereka ndalama likadzatha, adzalipire seva (kompyuta yosunga zolembedwa zonse za pulogalamuyo) ndi nambala ya USSD ndani. Ameneyo akhale nawo pa zokambirana kuyambira tsopano.

Tamukumbukira mochedwa

*Pulogalamu yafika pakati, ndiye tazindikira kuti ofesi yogula katundu sitinaifunse. Tiimitse zonse?*
*Wowerenga, Zomba*

Musaimitse zonse. Chezani nawo sabata ino, kenako zofuna zawo muzigawe pawiri. Zokhudza zimene sisitemu imasunga, monga nambala ya oda, mbiri ya ogulitsa katundu, kapena masitepe a kuvomereza, zilowe tsopano ngakhale zichedwetse ntchito, chifukwa kuzisintha mutalowetsa kale zolemba za miyezi ingapo kumafuna kukonzanso zolemba zonsezo chimodzichimodzi. Zokhudza maonekedwe ndi malipoti zingadikire gawo lachiwiri. Chosintha chilichonse chilembedwe pa fomu yake, okonza aikepo masiku ndi mtengo, mwini ntchito asaine. Mukatero tengani oda imodzi yakale, muilondole kuyambira pa pempho mpaka pa malipiro, muone ngati palibenso dzanja lina limene munalilumpha.